A Phiri Aakulu Anali Ati?

Pali nyumba ina ku Romford imene masiku ano ndikafika pakhomo pake ndimayamba ndaima kaye, chala chili m'mwamba, ndisanadinde belu. Kale ndinkangogogoda kamodzi n'kulowa, kenako n'kukatsegula firiji ngati kwathu. Chimene chinasintha zinthu ndi pakamwa pangapa, pakamwa pamene anthu ambiri ondidziwa angalumbire kuti sipatseguka.

Ndiyambe ndi kudziulula. Ine ndine munthu wachete. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo amene anandilera ndi agogo anga aakazi, ogulitsa fodya wamphuno pamsika. Agogo sanali a nkhani zambiri. Lamulo lawo linali limodzi: mwana wamasiye amaonerera, safunsa. Ndinakula choncho, ndipo ngakhale ntchito imene ndinaipeza kuno ku London ndi yomweyo. Ndine mlonda m'sitolo ina ku Wembley, tsiku lonse maso ali pa anthu. Wakuba ndimamudziwa iye mwini asanaganize n'komwe chimene atenge. (Ndikunena izi kuti mudziwe kuti amene anagwa m'mbunayi sanali wakhungu. Anali katswiri wa kuona.)

Kumudzi ndinaphunzira pa koleji ina ya aphunzitsi, ndipo ndinali m'timu ya mpira ya pakolejipo. Ndikati ndinali m'timu musandiganizire zazikulu. Zaka ziwiri zonse ndinazithera pabenchi, moti jezi yanga inasuluka kumbuyo kokha. Nthawi imeneyo timu inali ndi makochi awiri, onse a Phiri, koma osakhala pachibale. Mmodzi anali chimunthu, wamtali, mimba patsogolo, wosekaseka. Akandipeza pabenchi ankandigwira paphewa n'kunena kuti, "Tsiku lako likubwera, mphwanga." Silinabwere, koma mawuwo ndinkagonera. Winayo anali wamfupi, wowonda, wotsimphina mwendo wakumanzere, chipewa chofiira chosachoka kumutu, lilime ngati lumo. Ife a nthawi yathu onse awiri tinkangowaitana kuti Kochi.

Mayina akuti a Phiri aakulu ndi a Phiri aang'ono ndinayamba kuwamva kuno, m'kagulu ka anthu amene tinaphunzira pakoleji ija. Tilipo pafupifupi makumi awiri, ambiri anamaliza ine ndisanafike. Nditamva mayinawo sindinaone chofunsira. Maso ndinali nawo. Wamkulu amaoneka, wamng'ono amaoneka.

M'kagulu komweko ndi mmene ndinadziwira Anaphiri. Iwo sanaphunzire nafe, koma anabadwira m'nyumba za aphunzitsi pakolejipo, ndipo aliyense ankangowatchula kuti mwana wa Kochi. Ndi namwino. Tsiku loyamba anandipeza ndikudya choimirira pakona, anandifunsa za abale anga, ndinawauza kuti ndilibe. Sanachite nkhope ya chisoni imene anthu amachita. Anangondilanda mbale, n'kuwonjezeramo nyama, n'kunena kuti, "Ndiye basi, kuyambira lero ndinu achimwene anga. Loweruka muzibwera." Ndinabadwa ndekha. Munthu wondiitana kuti achimwene akutanthauzadi, ndinamupeza ndili ndi zaka zoposa makumi anayi, m'dziko la eni. Amuna awo, a Tembo, a ku Chipata koma okulira ku Lusaka, anayamba kundiitana kuti mlamu. Zaka ziwiri Loweruka lililonse limene ndinalibe shifiti ndinkakwera basi ku Barking, kumene ndimakhala, kupita ku Romford.

M'zaka ziwirizo sindinafunse kuti bambo awo anali a Phiri ati. Za bambo awo sankakamba, ndipo ine ndinali nditaweruza kale: mtima wabwino chonchi sungachoke kwina koma kwa chimunthu chija. Zoti achemwali angawo ndi aafupi, ofika pachifuwa panga, ndinaziona ndithu. Ndinati anatengera amayi awo.

Lachinayi lina ndili pantchito, uthenga unalowa pagulu lathu la pafoni: "A Phiri aakulu, bambo a Anaphiri, atisiya m'mawa uno. Mwambo woika m'manda ndi mawa kumudzi. Ife tikumana kwa a Tembo Loweruka masana." Ndinapempha mnzanga kuti andiimireko, ndinalowa mosungira katundu, ndinalira pakati pa makatoni. Ndinalirira dzanja lija la paphewa. Ndinalirira munthu amene panthawi yomweyo, monga ndinadzadziwira pambuyo pake, anali pakhonde pake akumwa tiyi.

Loweruka ndinafika nyumba itadzaza. Mipando anaikankhira kukhoma. Amayi anakhala pansi mbali yodyera, atazungulira Anaphiri, amene anali atafunda chitenje kumutu. Abambo tinali mbali ya pabalaza, koma nyumba za kuno mukuzidziwa, pabalaza ndi podyera n'chipinda chimodzi, ukatsokomola kuno amayankha uko. Patebulo panali kandulo ndi chithunzi chakale cha timu, osewera atagwada kutsogolo, makochi awiri ataima wina uku wina uku. Chikanakhala chithunzi cha munthu mmodzi bwenzi lero ndilibe cholemba. Ndinayang'ana chimunthu chija, ndinaweramitsa mutu, ndinakagwira achemwali dzanja.

"Mwabwera, achimwene," anatero.

Tinaimba nyimbo zingapo, mkulu wa mpingo anapemphera, kenako panagwa bata lija limagwa pamaliro anthu akatopa. Amene analiswa anali a Mbewe, mkulu wa gulu lathu, amene kale anali goloboyi ndipo pano amayendetsa basi.

"Munthu uja," anatero a Mbewe, "akangolowa, ankadzaza bwalo lonse."

Ndinavomera ndi mutu. Ankadzazadi. Pakhomo la ofesi ankalowa chammbali.

"Mawu ake ankamveka mpaka kumsika. Ndipo chikho chokhacho chimene koleji ija inachionapo anabweretsa ndi iwo. Pa makochi onse amene anadutsa paja, palibe wofikapo."

Aliyense anati eya, kupatula a Gondwe. A Gondwe anali womwetsa zigoli nthawi yawo, ndipo ndi munthu woti ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula amayamba wakufunsa kuti mvula ndi chiyani.

"Mzimu wawo uuse mumtendere," anatero a Gondwe, akusuntha pampando. "Koma tisanamizane chifukwa choti ndi maliro. Aakulu anali ndi discipline, yes, palibe akukana. Koma mpira weniweni, wapansi, wopatsirana, unabwera ndi aang'ono."

"Iwe Gondwe, mpira wopatsirana wake uti? Uja tinkapatsirana mpaka kukapatsira adani?"

"Ankolo, inu mpira munkauona liti? Mutu unkakhala pansi mukutola m'neti."

Anthu anaseka chogwira pakamwa. Wina anati chikho ndi chikho, mpira wokongola sulowa m'kabati. Wina anati chaka cha chikhocho matimu abwino anali atakana kusewera. A Mbewe anawerenga ndi zala osewera amene aakulu anawatola kumidzi alibe ndi nsapato zomwe. A Gondwe anati kutola munthu si kumuphunzitsa. A Tembo anasuzumira kuchokera kukhitchini.

"Imwe a Malawi, na pa malilo ni bola chabe? Lekani nibweletse tea mwina muzazizila."

Ine ndinali phee monga mwa masiku onse, koma m'kati ndinkawira. Ndinkayang'ana achemwali anga atakhala pansi paja, akumva bambo awo, amene anali atagona m'manda usiku umodzi wokha, akuikidwa pansi pa kamdala kotukwana kaja. M'nyumba mwawo momwe. Ndinadikira kuti wina amuletse Gondwe. Palibe anamuletsa. Ndiye ndinaganiza kuti ngati mlongo wa munthu sayankhula pa nthawi ngati iyi, ulongowo ndi wa nyama ya Loweruka basi.

"Ine ndinenepo," ndinatero.

Mitu yonse inatembenuka. Ena m'chipindamo anali asanamvepo mawu anga.

"Ee!" anatero a Gondwe. "Benchi yayankhula! Tamverani, anthuni, izi sizichitika kawiri."

"A Gondwe," ndinatero, "a Phiri aang'ono sanali kochi."

A Mbewe anaomba m'manja. "Muuze, mphwanga!"

Ndinaponya diso kwa Anaphiri. Anali atadzutsa mutu, ndipo anandimwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu wotopa amene waona wake akumuimira. Ndikanakhala pansi pomwepo, bwenzi ndili ngwazi mpaka lero. Koma munthu amene wasunga mawu zaka makumi anayi ali ngati mpopi umene unauma kalekale. Ukatsegula umayamba ndi dzimbiri, ndipo sutsekeka.

"Ine ndinakhala pabenchi zaka ziwiri," ndinapitiriza. "Pabenchi munthu amaona zonse. Aang'onowo chimene ankadziwa ndi kutukwana basi. Munthu waphonya mpira, amvekere, 'Amayi ako anakuberekera miyendo iwiri yakumanzere.' Munthu wavulala, akugubuduka ndi ululu, amvekere, 'Dzuka, kumanda n'kutali.' Umenewo ndi ukochi?"

A Gondwe anakwinya nkhope. "Aang'ono? Kutukwana?"

"Musandidule, a Gondwe, inu mwayankhula kuyambira masana."

(Apa a Mbewe anali atasiya kuomba m'manja. Ndinaona. Ndinati manja atopa.)

"Kamunthu kofika apa," ndinatero, ndikuloza pachifuwa. "Kachipewa kofiira kosachapa, kaya kankagona nako. Kanalibe mnzake pakoleji ponse. Ngakhale agalu a kukhitchini ankakathawa."

Mwaona mmene ndinasinthira. Munthu wa zaka zake ndinamuchotsa pa "iwo" n'kumuika pa "ka", pamaso pa amayi ndi mkulu wa mpingo. Ndipo sindinathere pomwepo. Ndinaimirira. Ndanena kale kuti ndimaona, ndipo woona amadziwa kutsanzira. Ndinayenda kuchokera pa wailesi ya kanema mpaka pakhomo, ndikukoka mwendo wakumanzere, dzanja limodzi kumbuyo, chibwano m'mwamba. Ndinatembenuka, ndinaika mawu m'mphuno: "Iwe chitsiru, mpira si dzira, umenye!"

Ndinatsanzira bwino. Sindikudzitama, ndikuvomera mlandu. Ndinatsanzira bwino moti mayi wina anagwira pamtima n'kunena kuti "Mayo ine." Ndinaganiza kuti luso lamukhudza.

A Tembo anaika thireyi pansi mofulumira, makapu n'kugundana. Anandigwira mkono.

"Mulamu, bwelani munithandizeko ku kitchen."

"Ndikubwera, alamu, nditsirize kaye."

"Mulamu, manje manje."

"Mawu amodzi okha." Ndinachotsa mkono wanga, ndinatembenukira kwa achemwali anga, ndinaika dzanja pamtima. Ndinkafuna kutsiriza ndi mawu owatonthoza. "Achemwali, imfa ilibe maso. Yatitengera munthu wabwino, n'kusiya kamdala kaja kakupumabe."

Firiji ya kukhitchini ndinaimva ikulira. Basi inadutsa mumsewu, ndinaimva mpaka inakhota. Palibe anandiyang'ana. Aliyense anapeza chinthu chofunika kwambiri pa kapeti. Anaphiri okha ndi amene ankandiyang'ana, ndipo nkhope yawo sinali yokwiya. Inali ngati ya munthu amene akuwerenga kalata kachiwiri kuti atsimikize kuti ndi yake.

Ndinkadikirabe kuti wina anene ameni pamene foni ya Anaphiri inalira. Anaiyang'ana, anaipereka kwa amuna awo. A Tembo anaiyang'ana nawonso, kenako anandiyang'ana ine ngati akundipepesa.

"Ni a Phiri ang'ono," anatero. "Bafuna kupepesa pa video."

Mtima wanga unati, kabwere, ndikauze pamaso. A Tembo anatsamiritsa foni pa kapu, pafupi ndi kandulo. Nkhope inadzaza galasi lonse, masaya kugunda mbali zonse ziwiri. Imvi zinali zitachuluka, koma kumwetulira kunali komwe kuja.

"Kochi!" ndinafuula. "Muli moyo?"

"Ndili moyo, shuga yekha ndiye akuvuta," chinayankha chimunthu chija. "Ndani ameneyo? Tasenderani kuno... Aa! Mnyamata wa pabenchi! Wanenepatu iwe. Wabwera kudzalira akulu athu? Wachita bwino, mphwanga, wachita bwino."

Sindikudziwa chimene ndinayankha. Ndikukumbukira kuti ndinayang'ana chithunzi chija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti wa chipewa chofiira uja anali ndi chibwano cha achemwali anga, ndi kaimidwe kawo.

Munthu wanzeru akanagwada pomwepo. Ine ndinathawa. Koma pamaliro a kuno nsapato timavulira pakhomo, ndipo amuna onse tinabwera ndi nsapato zakuda. Ndinanjuta m'kanjira ka pakhomo, ndikutembenuza nsapato za anthu imodzi imodzi, uku m'chipinda a Phiri aang'ono akunena mokweza kuti malemu anali mphunzitsi wawo, kuti zonse zimene amadziwa anaphunzira kwa iwo. Ndinapeza yakumanja. Yakumanzere inakana. A Mbewe anatuluka, anatseka chitseko pang'onopang'ono, anaima pamwamba panga.

"Mphwanga," anatero motsitsa mawu, "kuyambira liti Mchewa amayeza ukulu ndi mimba?"

Ndinapitiriza kutembenuza nsapato.

"Aakulu ndi a zaka. Uja wamimba anabwera ali mnyamata, kudzathandizira. Zaka ziwiri ukudya m'nyumba muno, osafunsa?" Anapukusa mutu, anakankha nsapato ina ndi phazi. "Iyi si yako? Safunsa anadya phula. Iwe wadya ndi njuchi zomwe."

Masabata atatu sindinapite ku Romford. Loweruka ndinkakhala m'chipinda changa ku Barking, ndikumva ana a eni nyumba akuthamanga pamasitepe. Pagulu la pafoni palibe ananditchula, ndipo kusanditchulako kunkapweteka kuposa kunditukwana. Ndinalemba uthenga wopepesa kangapo. Uliwonse ndikauwerenga unkamveka ngati ndikunena kuti pepani, ndimafuna kunyoza munthu wina. Ndinkafufuta. A Tembo anandiimbira kamodzi, sindinayankhe. Kuntchito mayi wina anatuluka ndi mabotolo awiri a mafuta onunkhira ine ndikumuyang'ana, ndipo sindinamuone.

Sabata yachinayi ndinaganiza zochita mmene tikanachitira kwathu. Pakamwa pakalakwa kwambiri, munthu sapita kukapepesa chimanjamanja, amanyamula nkhuku. Koma nkhuku yamoyo ku Barking uipeza kuti, ndipo dalaivala uti angakulole nayo m'basi? Ndinalowa m'sitolo ya zakudya za kwathu, ndinagula nkhuku yolimba ija ya m'firiji, youma gwa ngati mwala. Tsikulo kunatentha, basi inachedwa pamsewu, ndipo pofika ku Romford nkhuku inali itayamba kudontha. Ndinaima pakhomo buluku litanyowa pabondo, jumbo m'manja, ngati mwana wotumidwa.

A Tembo anatsegula. Anayang'ana ine, anayang'ana jumbo.

"Mulamu, iyi nkhuku yafa kudala. Izapepesa bwanji?" Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Ngenani. Bali ku kitchen. Ine nili pa garden, simunanione."

Anaphiri anali atangoweruka, akadali mu yunifolomu, akudula anyezi. Sanadzidzimuke.

"Khalani, bambo," anatero.

Bambo. Ndinakhala pamphepete pa mpando. Ndinaika nkhuku patebulo, ndinayamba mawu amene ndinawakonza m'basi, oti ndinasokoneza mayina, oti cholinga changa chinali chabwino. Anandidula ndi mpeni uli m'mwamba.

"Ndikudziwa kuti munasokoneza. Aliyense akudziwa. A Gondwe akhala akuifotokoza nkhaniyi mpaka adzafe." Anapitiriza kudula. "Chimene chikundivuta n'chakuti simuname. Zonse munanena zija n'zoona. Za miyendo iwiri yakumanzere ankandiuza inenso, ndikagwetsa kapu. Mayendedwe aja, mawu aja. Mutatembenuka pakhomo paja ndinaona bambo anga alowa m'nyumba mwanga."

Ndinayang'ana pansi.

"Mukudziwa kuti ndatha zaka zingati osapita kumudzi? Anthu amaganiza kuti ndi mapepala, kapena ntchito. Ayi. Sindinkafuna kukamva kuti ndanenepa, kuti unamwino ndi udokotala wa anthu olephera. Ndinkati chaka chamawa, akafewako." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye tsiku lija ndinkafuna tsiku limodzi lokha. Anthu akhale m'nyumba mwanga, awanene zabwino, kaya zoona kaya zabodza, mwina nanenso ndikhulupirire. A Mbewe anali atayamba bwino. Ndinali nditatsala pang'ono."

Madzi a nkhuku anali atafika m'mphepete mwa tebulo. Ndinawatchinga ndi dzanja. Iwo anaika mpeni pansi, anakhala moyang'anana nane.

"Inu mumati mumaona zonse. Zaka ziwiri pabenchi. Ndiuzeni chinthu chimodzi chabwino chimene munawaona akuchita. Chimodzi. Koma musandinamize, ndidziwa."

Ndinafufuza. Ndikunena zoona, ndinafufuza ngati mmene ndinafufuzira nsapato ija, ndipo zonse zimene ndinkatola zinali za munthu wina. Wotchi ya pakhoma inayenda. Kenako ndinakumbukira chinthu chimene ndinali nditachisunga m'thumba la matukwano, chifukwa matukwano ndi amene ndinkakumbukira.

"Tsiku limene agogo anga anamwalira," ndinatero, "uthenga unafika m'mawa, tsiku la masewero. Basi yopita kwathu inkadutsa kamodzi patsiku, kumsewu waukulu, ndipo kuchokera pakoleji ndi mtunda. Ndinali nditaima kuseri kwa holo, osadziwa poyambira. Bambo anu anatulukira ndi njinga. Sananene pepani. Anati, 'Kwera, chitsiru, basi siyembekeza amasiye.'"

Anaphiri anatulutsa mpweya m'mphuno, kuseka kosafuna.

"Anandipalasa njira yonse. Ndi mwendo uja. Pachitunda cha pamlatho ndinati nditsike, anati ndikatsika andimenya ndi pampu. Njira yonse ankanditukwana, kuti ndikulemera ngati thumba la feteleza koma mpira sindidziwa, kuti chakudya cha koleji chikungowonongeka. Malaya awo ananyowa mpaka ndinkaona nthiti. Tinapeza basi ikunyamuka, anaima pakati pa msewu ndi njinga mpaka inaima. Masewero anayamba iwo kulibe. Nditabwerako kumaliro sanaitchulenso nkhaniyo, ndipo ine sindinathokoze."

Ndinkayankhula uku ndikudzimva ndekha. Zaka zoposa makumi awiri ndinasunga dzanja limene linkandigwira paphewa, losataya kanthu, ndipo msana umene unandinyamula ndinauiwala.

Anaphiri anatenganso mpeni uja. Ndinaganiza kuti ndakonza. Ndinayamba ngakhale kumva kupepuka.

"Njinga yakuda ija," anatero, "ya belu losalira."

"Yomweyo."

"Ine sanandikwezepo." Ananena mosakweza mawu, akuyang'ana anyezi. "Ndinkayenda pansi kupita kusukulu, iwo n'kundipitirira."

Ndiye mwaona. Ndinabwera ndi chinthu chimodzi chabwino, ndipo nachonso chinali ndi minga. Analira pamenepo, kulira kumene sanalire tsiku la maliro lija, mutu uli patebulo pafupi ndi nkhuku yanga. Ine ndinakhala, dzanja likutchingabe madzi, osadziwa ngati mlongo amagwira phewa kapena bambo amatuluka. A Tembo anasuzumira pawindo, anabwereranso ku maluwa awo.

Atatha anaimirira, anasamba kumaso pasinki, anatenga nkhuku ija n'kuitembenuza.

"Iyi ikufuna maola atatu," anatero. "Mudikira?"

Ndinadikira. Tinadya atatu, a Tembo akukamba za mitengo ya nyumba kuti pasakhale bata. Pondiperekeza pakhomo Anaphiri anati, "Loweruka muzibwera." Sanawonjezere dzina lililonse.

Papita miyezi isanu. Ndimapita. Mbale yanga imadzaza monga kale, a Tembo akadali pa mulamu, ndipo a Gondwe akandiona amakoka mwendo wakumanzere mpaka a Mbewe awakalipire. Mkangano wa makochi sunathe. Anayambiranso pa ubatizo wa mwana wa mnzathu wina, ndipo atandifunsa maganizo ndinati tiyi wanga akuzizira. (Ndikadayankha, ndikadati aakulu. Aakulu enieniwo. Koma voti yanga panopa ilibe msika.)

Anaphiri amandiyankhula bwinobwino. Amati "inu", amati "tengani", amati "mwafika bwanji". Amadziwa kuzungulira chiganizo kuti chisafune dzina, ndipo ine, katswiri wa kuona, ndimaona kuzungulira kulikonse. Sindikudziwa ngati akadali okhumudwa, kapena akungodikira kuti ine ndiyambe, kapena mawu aja anapita ndi maliro. Nkhani yonseyi yandiphunzitsa chinthu chimodzi chosavuta, choti mwana wa sitandade wani angakuuzeni: ukapanda kudziwa, funsa.

Loweruka lapitali ndinatsimikiza mtima. Ndinakonza funso m'basi, mawu asanu okha. Tili patebulo, a Tembo atapita kukatenga madzi, ndinatsegula pakamwa.

"Achemwali," ndinatero.

Anaika foloko pansi, anandiyang'ana, anadikira.

Ndinapempha mchere.